Bafa Lodzaza M'chaka cha Chilala

Lachisanu limenelo Sajenti Jamilah anasamba ataimirira m'beseni, madzi osambawo n'kuchapira mayunifolomu a ana, otsala pochapa n'kukolopera, otsala pokolopa n'kusungira kuchimbudzi. Chinali chaka cha 2018, madamu a Cape Town atauma, munthu akuloledwa malita makumi asanu okha patsiku. Anaperekeza ana kusukulu, nachenjeza mwamuna wake kuti asamagejemule chimbudzi chisawawa. Foni inalira akutseka geti.

"Kommetjie, kunyumba ya alendo," anatero Kaputeni. "Pulofesa waphedwa. Onse ndi akwanu, bwera udzawamve."

Jamilah anabadwira ku Cape Town komweko, koma bambo ake anachokera ku Mangochi kudzagwira ntchito kudoko. Ndiye chilowereni upolisi, mlandu uliwonse wolankhula Chichewa unkagwera iye.

Wophedwayo anali Pulofesa Fainos Chirambo, wapampando wa komiti ya alangizi atatu yomwe inkawongolera kafukufuku wa zachuma ndi zachilengedwe. Atatuwo anakumana kumeneko kuti agwirizane mtengo wa madzi woti olemera asiye kuwononga, osauka asasowe akumwa. Pulofesayo anali chafufumimba pambali pa bafa, thaulo m'chiuno, bala kunkhongo. M'balamo munali kachidutswa kofiira, kolimba ngati mwala. Koma apolisi sankayang'ana mtembo. Onse maso anali pa bafa, lomwe linali lodzaza mpaka m'milomo.

"Chaka chino sindinaonepo madzi ochuluka chonchi," wapolisi wina ananong'ona ngati ali m'tchalitchi.

Chida chophera sichinapezeke, koma Kaputeni anali atagwira kale munthu: Zuhra, mtsikana wa ku Machinga wokonza m'zipinda. Makiyi anali nawo ndi iye, mtembo anaupeza ndi iye, ndipo mwini nyumba anamupeza akutunga madzi m'bafamo.

"Achemwali, munatunga madzi pambali pa maliro?" Jamilah anafunsa atakhala naye kukhitchini.

"Ndinayamba ndakuwa, achemwali. Ndinakuwa zenizeni. Nditamaliza kukuwa ndi pamene ndinaona madzi. Abwanawo anali atapita kale, nanga madzinso apite?"

Bulauzi ya Zuhra inali itanyowa pachifuwa. Jamilah anaona, ndipo Zuhra anaona kuti waona.

"Mwana wanga ndi wa miyezi inayi. Ndamusiya kwa aneba ku Masiphumelele. Botolo amalilavula."

Panja Kaputeni analoza wotchi. Galimoto ya apolisi imabwera masana, ndipo wolowa m'selo Lachisanu amaonana ndi khoti Lolemba. Jamilah anayamwitsapo ana atatu, sanafunike katswiri womuuza kuti khanda silidikira Lolemba.

"Ndipatseni mpaka galimoto ifike," anatero.

Anayamba ndi Dokotala Nora Kachingwe, mlangizi wachiwiri, wokulira ku Harare ngati malemuyo. Operekera zakudya anamumva dzulo lake akuuza Pulofesa kuti amupha.

"Maiwe! Ndinati ndiwapha ndi mafunso," anatero Dokotala Nora. "Shuwa, ndinkadana nawo. Mutu wa lipoti lokha tinakangana chaka chathunthu. Koma ife alangizi sitichita zinthu, Sajenti. Timalangiza kuti ena achite."

"Ndiye munalangiza ndani?"

"Palibe. M'mawa wonse ndinali pa kompyuta, kulankhula ndi opereka thandizo a ku Ulaya."

Jamilah anaimba foni. A ku Ulayawo anavomera, nawonjezera modandaula kuti mayiyo sanawapatse mpata ngakhale wotsokomola.

Anatsala Dokotala Pitilani Nyasulu, bambo wowonda, milomo yosweka. Fungo lawo linalowa m'chipinda iwo asanalowe.

"Pepani, mayi, sindisamba pafupipafupi," anatero monyadira. "Ena amaphunzitsa kusunga madzi, ine ndimachita. Malaya awa ndawavala kuyambira Lamlungu."

"Zikumveka, adokotala. M'mawa munali kuti?"

"M'chipinda mwanga, kuwerenga."

Ankalankhula akugwedeza manja, ndipo Jamilah anasiya kumvera mawu n'kuyang'ana manjawo. Khosi linali ndi litsiro loti n'kudzalapo tomato. Koma manja anali oyera mbee mpaka m'zigongono, zikhadabo zotsukidwa ngati za namwino. Mwana akabwera kunyumba atasamba m'manja mokha, osatumidwa, mayi amadziwa kuti wagwira china chake.

"Ndingapite kuchimbudzi cha m'chipinda mwanu?"

"Pitani. Koma ngati ndi zazing'ono musagejemule."

Apolisi anali atafufuzamo kale. Anayang'ana m'sinki, pansi pa bedi, m'sutikesi. Ndowa yomwe inali pansi pa sinki sanaikhudze, chifukwa chaka chimenecho ndowa ya madzi akuda inali m'bafa lililonse mumzindamo, ndipo diso linasiya kuiona. Jamilah anaikokera pawindo. Madziwo anali ofiirira, pansi pali timchenga tofiira. Anatsegula chivundikiro cha thanki ya chimbudzi. Munali njerwa, monga anthu ambiri ankaikira kuti thanki izilowa madzi ochepa. Koma iyi inali yokwechedwa bwino, ngodya imodzi itabenthuka chatsopano.

Anaitana Kaputeni, naika ndowa ndi njerwa patebulo pamaso pa Dokotala Pitilani.

"Ndi tiyi wofiira uja wa rooibos," adokotala anatero msanga.

"Tiyi wa sopo? Kachidutswa kali m'mutu mwa Pulofesa tikakaika pangodya apa, mukuganiza kuti sikakwana?"

Adokotala anayang'ana njerwa ija nthawi yaitali, ngati kholo loyang'ana mwana wolephera mayeso.

"Njerwa iyi ndi moyo wanga, mayi," anayamba motsitsa. "Ndinayenda komboni yonse ya Nyanga, khomo ndi khomo, kuyeza madzi omwe njerwa imodzi imapulumutsa. Chaka chilichonse ndikabweretsa zotsatira, a Chirambo amangoti, 'Pakufunika kafukufuku wina.' Ophunzira anga anatopa n'kuthawa. Lero komiti imati itseke ntchito yanga. Ndinati ndipite nayo njerwayo kuchipinda kwawo, aione ikugwira ntchito m'thanki yawo yomwe."

"Ndiye?"

"Ndinagogoda, osayankha. Ndinamva phokoso lomwe ndinali nditaliiwala. Mpopi, mayi! Wotsegula mpaka kumapeto! Chitseko chinali chosakiya. Ndikulowa, munthu amene dzulo lomweli amati osauka akwezeredwe mtengo kuti aphunzire mwambo, ali chiimire ndi thaulo, akuyesa madzi ndi chala chakuphazi. Ndinati, 'Pulofesa, ichi n'chiyani?' Mukudziwa anandiyankha chiyani? Anati akufuna aone ngati bafa limathadi madzi ambiri. Anati pakufunika kafukufuku wina. Atatembenuka kuti awonjezere otentha, dzanja langa linapita lokha."

"Kenako munathawa."

"Ayi. Ndinayamba ndatseka mpopi."

Kaputeni, atamasuliridwa, anakhala pansi.

"Chimodzi chokha, adokotala," anatero Jamilah. "Munatsukira njerwa ndi manja m'ndowa. Chimbudzi chili pomwepo. Mukanathira madziwa, bwenzi pano ndilibe umboni. Simunawataye bwanji?"

Dokotala Pitilani anamuyang'ana ngati wawatukwana.

"Kuthira m'chimbudzi choyera? Mayi, ndinali ndisanapiteko."

Galimoto itafika, inanyamula adokotala. Ali pakhomo anapempha kuti ndowayo, akathana nayo kukhoti, akathirire maluwa. Jamilah anamutenga Zuhra pagalimoto yake mpaka ku Masiphumelele. Kulira kwa khanda anakumva asanazimitse injini, ndipo Zuhra anatsika akumasula mabatani, osatsanzika.

Zonse pamodzi zinadya izi. Pulofesa Chirambo anataya moyo. Dokotala Pitilani anapatsidwa zaka khumi ndi ziwiri. Komiti inatha, kafukufuku anaima, ndipo lipoti la mtengo wa madzi silinatuluke, ngakhale Dokotala Nora akuti mutu wake anaupeza. Zuhra anadulidwa malipiro a tsiku limenelo chifukwa zipinda sanamalize kukonza. Madzi a m'bafa anasungidwa ngati umboni mpaka anachita ndere, ndipo pamapeto pake wapolisi wina anazula chotsekera, onse n'kupita osachapira ngakhale sokosi imodzi.