Tsiku Limene Mluzu Unakana

Kamphepo anadziwa kuti zinthu sizili bwino atangolowa m'shopu yometera ya bambo ake. Makina ometera ankalira, wailesi inkalankhula, koma mluzu sunkamveka. Bambo akewo ankaimba mluzu kuyambira potsegula chitseko mpaka potseka, moti makasitomala ankangowatchula kuti a Mluzu. Koma masana amenewo ankameta mwakachetechete, thukuta lili pamphumi, maso ali psuu.

"Bambo, mwatentha thupi," anatero Kamphepo atawakhudza pamkono.

"Ndi kachimfine chabe, ndamwa kale mapiritsi," anayankha monong'ona. "Koma amayi ako asamve. Akangomva andigoneka pabedi ngati khanda."

Kunyumba kwawo chimfine sichinali nkhani yoseketsa. Bambowo anabadwa ndi matenda a timitsempha ta magazi ta mu ubongo, matenda oyenda m'banja. Bambo awo, agogo a Kamphepo, anagwa ali pantchito osadzukanso. Mlongo wawo, azakhali a Kamphepo, anapulumuka, koma ankakoka mwendo ndipo kamwa lawo linapotokera mbali imodzi. Dokotala anali atawachenjeza kuti kachilombo ka chimfine kakalowa m'thupi lotere, kutentha thupi kumatha kuchititsa kuti magazi alephere kudutsa m'timitsempha tofookato, munthu n'kugwidwa ndi sitiroko.

N'chifukwa chake amayi anaika lamulo. Woyetsemula aliyense azinena msanga, azimwera kapu yakeyake, ndipo azikhala patali ndi bambo. Bambowo akangotentha thupi, ulendo wa kuchipatala, popanda kukambirana.

Woyamba kuswa lamuloli anali Kamphepo yemwe. Sabata yapitayo kukhosi kunkamukanda, koma kusukulu kunali mpikisano wothamanga, ndipo mtsikanayu sanapatsidwe dzina la Kamphepo pachabe. Akananena, amayi akanamutsekera m'nyumba. Choncho ankatsokomolera mu pilo, ndipo m'mawa ankapsontha tiyi wa m'kapu ya bambo ake monga mwa masiku onse kuti asakayikiridwe. Mpikisano anapambana, mendulo n'kuipachika pakhoma.

Tsono bambo atati amayi asamve, Kamphepo anavomera mofulumira kwambiri. Kunena zoona, mtima wake unakhala pansi. Amayi akanamva, akanafunsa kuti chimfinecho chalowa ndi ndani.

Mawa lake ataweruka kusukulu anadzeranso kushopu kuja. Pampando panali mkulu wina wa imvi, kasitomala wakale, atavekedwa nsalu m'khosi. Kamphepo anaona kuti mzere wa tsitsi kumbuyo kwa khutu wakhota, chinthu chimene bambo ake sankachita ngakhale atameta ali chitsinzire. Kenaka makina anapulumuka m'dzanja lawo lamanja n'kugwa pansi, akulirabe.

"A Mluzu, mwayamba kumeta simenti?" anaseka mkulu uja.

"Dzanja langochita dzanzi," anatero bambo. Koma mawuwo anatuluka olemera, ngati ali ndi chinthu m'kamwa.

Kamphepo anatola makinawo n'kuwazimitsa, m'shopu monse n'kukhala zii.

"Bambo, taimbani mluzu."

"Aa, iwenso."

"Chonde, kamodzi kokha."

Bambo anasongola milomo n'kupemerera. Panatuluka mpweya wokhawokha. Anayesanso, malovu n'kuyenderera kumbali ya kamwa. Kamphepo atayang'ana pagalasi lalikulu lija sanaone nkhope ya bambo ake. Anaona nkhope ya azakhali.

"Usa... usawauze," anatero bambo, akufuna kumugwira ndi dzanja lomwe silinkamveranso.

Kamphepo anatembenuka. "Agogo, akhazikeni pampando, musawasiye okha!" anauza mkulu uja, yemwe kuseka kunali kutamuthera. Kenaka analiyatsa liwiro. Anadutsa pakati pa njinga ndi magalimoto, nsapato imodzi n'kuvuka, iye osacheuka, mpaka kukafika kusitolo ya nsalu kumene amayi ankagwira ntchito.

"Amayi, bambo akulephera kuimba mluzu! Atentha thupi kuyambira dzulo, anandiletsa kunena. Chimfinecho ndinawapatsira ndine, ndinabisa chifukwa cha mpikisano!"

Amayi sanakalipe. Anangoika sizasi patebulo, n'kutuluka akuimitsa galimoto ndi manja onse awiri.

Kuchipatala anadikira pabenchi yozizira, phazi limodzi lopanda nsapato. Dokotala atatuluka ananena kuti inalidi sitiroko, ndipo moyo wapulumuka chifukwa afika msanga. "Akanabwera thupi litangoyamba kutentha, mwina tikanaipewa," anawonjezera. Kenaka anayang'ana Kamphepo kwa kanthawi, n'kutembenukira kwa amayi. "Matendawa amatha kupita kwa ana. Zikakhazikika mudzabwere nawo tidzakambirane zowayeza."

Kamphepo anayang'ana manja ake. Ankaoneka abwinobwino, monga mmene a bambo ake ankaonekera sabata yapitayo. Anachita mantha amene anali asanawamvepo.

Bambo anabwerera kunyumba akuyendera ndodo. Shopu anaisiyira mnyamata amene ankamuphunzitsa ntchito, ndipo iwo ankakhala pawindo akufinya kampira ka mphira ndi dzanja lofookalo. Sanamuimbe mlandu mwana wawo. Tsiku lina anamuuza pang'onopang'ono kuti, "Tinabisa tonse awiri." Mendulo ija Kamphepo anaichotsa pakhoma n'kuiponya pansi pa zovala m'sutikesi.

M'mawa wina akumanga zingwe za nsapato anamva mlongo wake wamng'ono akuyetsemula kubafa, kawiri, atatseka pakamwa ndi thaulo. Mwanayo atatuluka n'kuona kuti wamveka, anamugwira malaya.

"Achemwali, chonde musawauze amayi. Lero tili ndi mpira, ndipo pagolo ndine."

Kamphepo anamuyang'ana, kenaka anayang'ana kuwindo. Bambo anali atasongola milomo monga ankachitira m'mawa uliwonse, akuyesabe. Panatuluka mpweya wokhawokha.

"Amayi!" anaitana Kamphepo mokweza, atamugwira mlongo wakeyo dzanja. "Tabwerani kuno."