Tsamba la Never

Enesi anaona dzina la mlongo wake Lachisanu masana, ali m'chipinda cha makompyuta kusukulu kwawo ku Chegutu. Anzake a m'kalabu ya olemba ankakanganirana mpando wa pafupi ndi zenera, iye ali payekha pakona, akuyang'ana masamba atsopano amene anthu anali atalemba mu insaikulopediya ya pa intaneti, ija aliyense amaloledwa kulembamo ndi kukonzamo. Pamwamba penipeni panali tsamba la mutu wakuti Never Chalo.

Ameneyo anali mlongo wake wamkulu uja. Never anamwalira chaka chapitacho, dzenje limene ankakumbamo golide kunja kwa Kadoma litagumuka. Enesi anatsegula tsambalo.

"Never anali mwana wanga woyamba. Anabadwira ku Rimuka nthawi ya mvula. Ankakonda bhora zvikuru..."

Sanathe kupitiriza, misozi inatchinga maso. Chichewa chosakaniza ndi Chishona chimenecho ankachidziwa bwino. Wolembayo anali bambo ake, a Chalo, amene chiikireni maliro sanatchulepo dzina la Never pakamwa pawo. Pa holide yapitayo Enesi anawauza modzitama kuti zimene iye amalemba zimawerengedwa dziko lonse ndipo sizitayika. Iwo anangoti "Oo," n'kupitiriza kusoka nsapato. Enesi sanadziwe kuti mawu aja anawasunga mumtima.

Vuto linali lakuti m'kalabu yonseyo panalibe wodziwa malamulo kuposa Enesi. Amene anawaphunzitsa anali Morrison, mnyamata wogwira ntchito kulaibulale ku Kadoma, amene ankabwera pa kombi, minibasi ya kumeneko, Lachisanu lililonse. Morrison anali mmodzi wa oyang'anira insaikulopediyayo, omwe ali ndi mphamvu yofufuta tsamba kapena kuletsa munthu kulemba. Iye ankabwereza malamulowo mpaka ana kutopa nawo. Chilichonse cholembedwa chikhale ndi umboni wa m'buku kapena m'nyuzipepala. Munthu sapatsidwa tsamba chifukwa chakuti abale ake amamukonda, koma ngati anthu ena osamudziwa analembapo za iye. Ndiponso munthu salemba za m'bale wake.

Enesi anagwira msanga. Anzake ambiri ankamva Chichewa koma ankayankha m'Chishona, pamene iye ankachilemba bwino, moti analemba masamba okhudza thonje, njanji ndi nyimbo za m'migodi. Posakhalitsa anapatsidwa udindo wolondera masamba atsopano ndi kuika chizindikiro pa amene ayenera kufufutidwa. Ntchitoyo ankaigwira mosanyengerera. Wina wa ku Mubaira atalemba za malemu mtsogoleri wa kwaya yawo, Enesi anaika chizindikiro n'kumulembera mzere umodzi wokha: "Pano si pa chilengezo cha maliro." Morrison anamudzudzula pang'ono za kalankhulidweko, koma iye anayankha kuti lamulo ndi lamulo.

Tsopano lamulo lija linali litafika pakhomo pawo. Tsamba la Never linalibe umboni ngakhale umodzi, ndipo Enesi anadziwa kuti akalisiya, wolondera wina aliona. Anatseka kompyuta n'kutuluka osatsanzika.

Ku Chinengundu, dera la mu Chegutu momwemo, kumene ankakhala ndi azakhali ake a Dyness kuti akhale pafupi ndi sukulu, anakana kudya n'kunena kuti mutu ukumupweteka. Loweruka m'mawa azakhali atapita kukagulitsa tomato kumsewu, anatenga foni yake n'kukhala pakhonde. Anaganiza zouza Morrison, koma anadziwiratu yankho lake. Anaganiza zoimbira bambo ake, koma akanawauza chiyani? Kuti mwana wawo sanali wofunika mokwanira?

Pamenepo anayamba kulikonza tsambalo. Anachotsa mawu onse a bambo ake osawawerenga n'komwe mpaka kumapeto, chifukwa ankaopa kuliranso. M'malo mwake analemba Chichewa choyera cha m'mabuku. Analemba kuti Never Chalo anali goloboyi wa timu ya achinyamata ya m'chigawo, kuti anawina chikho, ndiponso kuti ankafunidwa ndi matimu a ku Harare. Pansi pake anaika umboni: dzina la nyuzipepala ina yakale, tsiku ndi nambala ya tsamba. Zonsezo anazipeka yekha. Ankadziwa maonekedwe a umboni weniweni, ndipo wakewo unaoneka weniweni. Atamaliza anaika chizindikiro chake chosonyeza kuti tsambalo lalondedwa ndipo lili bwino.

Sabata yonseyo tsambalo linakhala osakhudzidwa. Enesi ankalitsegula pa nthawi yopuma, n'kudziuza kuti sanalakwire munthu.

Lachisanu lotsatira Morrison anafika mochedwa. Sanayambe phunziro nthawi yomweyo. Anapatsa anawo ntchito n'kuitanira Enesi panja, kuseri kwa chipindacho kumene kunali mpopi wouma.

"Never Chalo ndi ndani wako?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndi bhudhi wanga, mlongo wanga wamkulu," anatero Enesi, maso ali pansi. "Anamwalira."

"Pepa kwambiri. Sindinkadziwa." Morrison anatsamira mpopi uja. "Nditaona tsamba lija ndinasangalala. Ndinati nayu mwana wa kwathu amene tinamuiwala. Ndinatulutsa nyuzipepala zakale kulaibulale, ndinazifufuza masana atatu kuti ndipeze zina zowonjezera. Pa tsiku limene unalemba, tsamba la masewera likukamba za mpikisano wa njinga. Dzina la Never mulibe."

Enesi anafuna kunena kuti mwina analakwitsa tsiku, koma Morrison anapitiriza.

"Ndinkafuna kuti zikhale zoona, Enesi. Ndinayang'ana mwezi wonsewo."

"Akanalifufuta," anatero Enesi. "Inuyo mukanalifufuta. Ababa analemba okha, ndi foni yosweka galasi. Simukudziwa kuti zinawatengera chiyani."

"N'zoona, tsambalo silikanakhala. Koma ndikanapita ndekha ku Rimuka kukawafotokozera, ndipo tikanafuna malo ena oyenera mawu awo. Bwenzi palibe amene wanama."

Kenako anamuuza zimene oyang'anira anagwirizana. Tsambalo linali litafufutidwa m'mawa womwewo. Enesi analandidwa udindo wolondera, ndipo analetsedwa kulemba kwa mwezi wathunthu. Chomwe chinamubaya kwambiri chinali chomaliza: masamba onse amene analemba kale, la thonje lija, la njanji ndi la nyimbo za m'migodi, anaikidwa chizindikiro chakuti umboni wake uyenera kufufuzidwanso.

"Koma amenewo ndi oona," anatero Enesi. "Ndinakhala m'laibulale masiku ambiri."

"Ine ndikukhulupirira. Nanga wowerenga wa ku Lilongwe kapena ku Tete adziwa bwanji kuti loona ndi liti?"

Enesi anatsamira khoma n'kulira mosatulutsa mawu. Morrison sanamufulumizitse. Pomaliza anamuuza kuti oyang'anira amatha kuona zimene zinafufutidwa, ndipo mawu oyamba aja, amene bambo ake analemba, amutumizira pa foni.

Loweruka Enesi anakwera kombi ya ku Kadoma, kupita kwawo ku Rimuka. Njira yonse anakhala atatsamiza mutu pazenera, akukonza mawu oti akanene, koma onse ankamuthawa. Uthenga wa Morrison unali utafika, ndipo iye sanautsegule.

Anapeza bambo ake pa malo awo a masiku onse, pansi pa chisakasa cha malata pageti. Chitsekereni ntchito yawo ya kufakitale ya nsalu, ankasoka nsapato pamenepo. Amayi ake anali kumsika. Atapatsana moni, a Chalo anamukankhira kabenchi ndi phazi n'kupitiriza kuboola chidendene cha nsapato ya mwana wasukulu.

"Wabwera bwino," anatero. "Ndinkafuna ndikufunse za zinthu zanu za pa foni zija. Ndinalembako za Never."

"Ndinaona, ababa."

"Ndinalemba pang'onopang'ono, masiku angapo, makasitomala akachepa. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinauza a Horace, anzanga aja tinkagwira nawo ntchito kufakitale, kuti bwerani muone, mwana wanga ali pa intaneti. Tinatsegula anthu atatizungulira." Anaika pansi chobowolera chija. "Mawu anga munalibe. Munali nkhani ya goloboyi wina wa chikho. Ndinayamba kuganiza kuti pali Never wina wa kwa Chalo amene sindimudziwa."

Enesi anafinya chikwama chake pamiyendo.

"A Horace anandiyang'ana n'kundifunsa kuti chikho chimenechi mumachisunga kuti, achimwene. Sanaseke ayi. Anandimvera chisoni. Onse aja anaganiza kuti chisoni chandisokoneza mutu mpaka ndayamba kupekera mwana wanga mbiri." A Chalo anapukusa mutu. "Never ankakonda mpira, koma kugwira sankatha. Rimuka yonse ikudziwa. Ankabwera kunyumba atamwetsedwa zigoli zisanu akuseka. Munthu amene analemba zimenezo samudziwa mwana wanga. Dzulo ndayang'ananso, tsamba lonse kulibe. Kodi mungamupeze amene anachita zimenezi?"

Pamsewu panadutsa galimoto yodzaza matumba a miyala ya kumigodi, ndipo fumbi linalowa m'chisakasa. Enesi anadikira kuti phokoso lithe.

"Ndine, ababa."

A Chalo anamuyang'ana ngati sanamve.

"Ndine ndinachotsa mawu anu. Malamulo salola tsamba lopanda umboni, ndiye ndinapeka umboni kuti asalifufute. Anandigwira. Andiletsa kulemba."

Bambo ake sanakalipe. Anatola nsapato ija, kuitembenuza m'manja, n'kuiikanso pansi. Enesi analakalaka akanamukalipira.

"Iweyo," anatero a Chalo. "Iwe amene Never ankakubereka kumsana popita kuchigayo. Unaona kuti mmene analili sizinakwane?"

"Ayi, ababa. Ndinkafuna kuti akhale pamenepo basi."

"Amene unamuika pamenepo si iyeyo."

Enesi anaweramitsa mutu. Kwa nthawi yoyamba anaganizira munthu wa ku Mubaira uja, amene mwina nayenso anaitana anzake kuti aone tsamba la mtsogoleri wa kwaya, n'kupeza mzere umodzi uja. Sanadziwe n'komwe ngati anali mwamuna kapena mkazi, wamkulu kapena mwana.

"Mawu anga aja atayika?" anafunsa a Chalo. "Sindinawalembe pena paliponse."

"Alipo. A Morrison anditumizira."

"Unawawerenga?"

"Poyambirira pokha."

"Werenga. Maso anga atopa ndi ulusi."

Enesi anatsegula uthengawo n'kuyamba kuwerenga mokweza. Zilembo zina zinali zolakwika, mipumiro inali yosowa, ndipo Chishona chinali mbwee. Anawerenga mmene zinalembedwera, osakonza kanthu. Munali za mvula ya tsiku limene Never anabadwa, za mpira, za njiwa zimene ankaweta padenga n'kumakana kuti zidyedwe. Munali za tsiku limene anasiya sukulu, ndi za mkangano umene anakangana ndi bambo ake pa nkhani yopita kumaenje. Kenako anafika pa mizere yomaliza.

"Chiyambire ali mwana ankaopa mdima. Sankauza munthu, ndinkadziwa ndine ndekha. Atakula ankati baba musauze Enesi, angandiseke. M'dzenje ankalowa tsiku lililonse ali ndi mantha. Anamupeza tochi ili m'manja. Ndalemba kuti anthu adziwe kuti anali wolimba mtima."

Anatsitsa foni ija. Enesi anakhala zaka zonsezo m'nyumba imodzi ndi Never, koma zimenezi sankazidziwa. Mizere imeneyi ndi imene anaifufuta ndi chala chimodzi ali pakhonde ku Chinengundu.

A Chalo anatembenukira kukhoma la malata, mapewa akugwedezeka. Enesi anali asanawaonepo akulira, ngakhale kumanda. Anasuntha kabenchi kaja n'kukhala pafupi nawo, ndipo anakhala choncho mpaka mayi wina anabwera kudzafunsa nsapato ya mwana wake. A Chalo anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya n'kumupempha kuti abwerenso madzulo.

Mayiyo atapita, Enesi anati, "Mwezi ukatha ndidzalembera munthu wina wa ku Mubaira. Ndinamuyankha moipa pa nkhani ngati yomweyi. Mwina sadzawerenga."

"Umulembere ndithu," anatero bambo ake. Anayesa kulowetsa ulusi pasingano, koma unkangophonya. "Mawa tikatuluka m'tchalitchi, ukawawerengere a Horace zimene wawerengazi. Uwauzenso za chikho chija, kuti chinachokera kuti."

Enesi anaganizira anthu onse amene amaima pabwalo la tchalitchi, amayi a chigwirizano ndi anzake a Never, ndipo anachita manyazi.

"Ndikawauza, ababa," anatero.

Anatenga singano ija m'manja mwawo, analowetsa ulusi, n'kuwabwezera.