Dzino la m'Dothi

Izi sindikupeka ayi, ndipo amene akufuna kuseka aseke. Mayi Thuc, omwe amagwira ntchito chipinda chimodzi ndi bambo Khiem pamalo ofufuzira za nyukiliya kumapiri kuno ku Vietnam, anaona zonse ndi maso awo.

Ntchito ya a Khiem inali kuyeza chilichonse chimene ofufuza abweretsa, kaya dothi kaya mbewu, kuti aone ngati chikutulutsa cheza choopsa chosaoneka cha nyukiliya. Kachipangizo kawo koyezera kakangolira, chinthucho sichitulukanso, chimatsekeredwa mumgolo wa mtovu basi. Pa lamulo limeneli munthuyu analibe chibale.

Masana ena mvula ikuwaza, kunabwera dothi la kumunda wa khofi umene kale unali manda. M'dothimo munali dzino la munthu. Kachipangizo kanalira, koma osati mobalalika monga mwa masiku onse. Kankagogoda modekha, ngati mlendo waulemu pachitseko. M'chipindamo munamveka fungo la lubani, chikhalirecho mmenemo saloleza ndi machesi omwe.

Mayi Thuc anawakumbutsa kuti fupa la munthu liyenera kubwerera kwa abale ake, apo ayi mwini wake sagona. A Khiem ankadziwa bwino, nanga si iwo omwe anatsuka mafupa a bambo awo ndi manja powasamutsa manda? Koma dzinolo linali litalira. Analiika mumgolo n'kutseka.

Tsiku lomwelo mwana wamkazi wa a Khiem anatuluka kuchipatala ndi khanda, mdzukulu wawo woyamba. Poweruka a Khiem anathamangira pakhomo, pamene pali makina oyeza aliyense wotuluka, ndipo akalira munthuyo satuluka. Makina analira. Anakasamba. Analiranso. Anasintha zovala, anameta mpala, anawenga zikhadabo. Ayi ndithu, ankalirabe. Dokotala sanapeze kanthu m'thupi mwawo, amisiri sanapeze vuto m'makina. Anzawo onse ankangodutsa, makina ali zii.

Anayamba kugona pabenchi. Akazi awo pa foni ankawanyogodola kuti kodi mwapeza kamtsikana kumeneko, nkhalamba inu? A Khiem ankaseka nawo, foni ikaduka n'kumapukuta misozi. Abale, zinali zomvetsa chisoni, munthu wamkulu uja kusowa pogwira. Anaika mpunga ndi mchere pafupi ndi mgolo, n'kugwada.

"Pepani akuluakulu, sindingakutulutseni. Ndilibe mphamvu zimenezo."

Mpungawo m'mawa unapezeka wonyowa.

Ndiye madzulo ena dzuwa lisanalowe, a Khiem anayesanso. Makina anakhala chete. Anadutsa! Anatenga chipewa cha njinga yawo yamoto, nkhope ikuwala.

Kumbuyo kwawo makina analira.

Panalibe munthu. Mayi Thuc anali poteropo, ndipo amalumbira kuti panalibe munthu. Achule kudambo analeka kulira. Fungo la lubani linawadutsa pamphuno, kulowera kunja.

"Achimwene, musacheuke," ananong'ona mayiwo. "Mwini dzino watuluka nanu."

A Khiem anaima, maso ali pamsewu wotsikira kwawo. Nyumba yawo inkaoneka denga. Thewera loyera linali pachingwe.

"Ndikapita naye kwa khanda?"



A Khiem anaika chipewa pansi. Anabwerera mkati pang'onopang'ono, makina ali chete. Atangodutsa, makinawo analira kamodzi kumbuyo kwawo.

Mwana uja pano akukwawa. Agogo ake sanamunyamulepo.