Manja a Mayi Wosoka

Ophunzira ankamutcha Wachiwiri, ndipo dzinalo linkamuwawa. Zaka makumi awiri anaphunzitsa zojambula pa yunivesite, ofesi yake yoyandikana ndi ya Pulofesa, koma mlendo akagogoda kwa iye kunali kufunsa khomo la Pulofesa basi. Pulofesawo atamwalira, ntchito yopachika zithunzi zawo pa chionetsero chowakumbukira inagweranso iye. Nsanje inamudya osati masewera.

Madzulo oti chionetsero ndi mawa, anthu ataweruka, anatulutsa chithunzi chojambula yekha: mayi akusoka pawindo. Anachipachika pakati pa za malemu, chopanda dzina. Anthu akachiyamikira, adzaimirire n'kunena kuti n'changa. Aone ngati adzamutchenso Wachiwiri.

Akutseka mawindo, anamva fungo la penti wamuwisi. Zitini zonse zinali zotseka. Kenako kumapeto kwa holo burashi inagogoda pachitini. Katatu.

Pulofesa ankatero akafuna kukonza ntchito ya wophunzira. Sankalankhula ayi. Ankangoima kumbuyo kwako n'kulowetsa dzanja pachithunzi chako, osapempha.

"Alonda?"

Zii.

Kumapetoko nyali inali yozima, koma munthu ankaoneka. Wamtali, phewa lakumanja lotsika ngati la Pulofesa, ataima pachithunzi chija. Mkono unkayenda pang'onopang'ono. Wachiwiri anafuna kunena kuti siyani, n'changa chimenecho. M'malo mwake anatuluka chafutambuyo, makiyi n'kuwasiya pachitseko.

M'mawa anapeza anthu ataunjikana malo amodzi, ena akunong'onezana kuti mlonda anamva wina akutsuka maburashi koma anaopa kulowa. Anadzipanikiza mpaka kutsogolo. Chithunzi chinali chake ndithu, koma manja a mayi wosokayo, amene anamusautsa miyezi itatu, anali atakonzedwa. Mizere inayi yokha. Singano inkaoneka ngati ikulowadi m'nsalu. Chomupweteka kwambiri n'chakuti anakonza bwino.

Akazi a malemu anamugwira mkono, misozi ili mbwembwembwe.

"Alamu, ichi munachipeza kuti? Sindinachionepo."

Wachiwiri anatsegula pakamwa, koma mayiwo anapitiriza.

"Kwinaku n'kouma, mwina anajambula atatopa. Koma manjawa! Pa zonse anajambula bambo, palibe choposa manja amenewa."

Anthu anavomera ndi mitu. Mayiwo anatola kakhadi ndi cholembera patebulo.

"Chilibe dzina. Tilembereni ndinu, munali mnzawo."

Wachiwiri anayang'ana manja aja kanthawi. Kenako anawerama, n'kulemba dzina la Pulofesa.