Mainchesi Asanu a Mlongoti

Madzulo amenewo kalipentala anaweruka monga mwa masiku onse. Anakoloweka sowo pa msomali, n'kusesa utuchi. Akutuluka m'shedi yake, kuseri kwa nyumba, anagunda mutu pa shelefu ya misomali. Shelefuyo anaikhoma yekha zaka makumi awiri zapitazo, ndipo ankadutsa pansi pake osawerama.

M'nyumba mkazi wake anamuyang'ana kumapazi.

"Bambo, thalauzali latani? Mukufuna kuwoloka mtsinje?"

"Mwalichapa ndi madzi otentha inu."

"Mathalauza onse atatu?"

Kalipentalayu anali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndipo anali wamfupi. Msewu wonse unkamutchula kuti Chitsa. Dzinali anamupatsa ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, dalaivala wa lole, munthu wamtali amene anthu ankati Mlongoti. Akakumana pagulu, Mlongoti ankatsamira chigongono pamutu pa Chitsa n'kunena kuti, "Alamu, imirirani tikupatseni moni." Anthu ankagwa nako kuseka. Chitsa nayenso ankaseka, mano okha. Anaseka choncho zaka makumi awiri ndi zisanu.

Miyezi iwiri izi zisanachitike, Mlongoti anamwalira. Bokosi anakhoma ndi Chitsa. Anapita yekha ku mochale ndi tepi yake, nayeza mtembo bwinobwino. Atabwerera m'shedi anaika chizindikiro pa thabwa ndi pensulo. Anaima nthawi yaitali akuchiyang'ana. Kenaka anabweza pensuloyo mainchesi asanu, n'kucheka pamenepo.

Pomuika m'bokosi anapempha abale kuti adikire panja. Anapinda mawondo a malemuyo, n'kukanikiza ndi thupi lake lonse mpaka china chake chinalira kuti tswa. Anawerama pafupi ndi khutu.

"Imiriranitu, alamu," ananong'ona.

Pa kagalasi ka pachivundikiro pankaoneka nkhope yokha. Palibe anadziwa.

Ndiye tsiku logunda mutulo, mkazi wake atapita kukatenga madzi osamba, Chitsa anaima pakhoma n'kudziyeza. Anali atatalika ndi mainchesi awiri. Anayezanso. Awiri ndithu.

Kunena zoona, anasangalala. Ankayenda mumsewu chifuwa patsogolo. Telala wa pakona, pomasula mipendero ya mathalauza, anati, "A Chitsa, mwayamba kuphukira? Mukudya chiyani, mutiuzeko." Wometa tsitsi anati ndi nsapato zatsopano. Mayi wogulitsa makala anati munthu akachoka pa mavuto msana umawongoka wokha.

Inchi yachitatu inabwera ndi ululu. Mawondo ankawawa ngati wina akuwakoka ndi chingwe, wina kumutu, wina kumiyendo. Mkazi wake anamukokera kuchipatala.

"Pa msinkhu wanu anthu amafupika, satalika," anatero dokotala. "Mwina kale munkayenda chowerama. Nthawi zina m'mutu mumamera kachotupa kamene kamakulitsa manja ndi mapazi. Tiyezetse."

Anamujambula, anamutenga magazi. Zotsatira zitatuluka patatha sabata, sanapeze kanthu. Dokotala anamuimikanso pa choyezera, n'kuyang'ana zomwe analemba sabata yathayo, n'kuona kuti manambala akusiyana.

Chitsa anali atayamba kale kuwerengera mumtima. Zitatu zapita. Zatsala ziwiri. Zikakwana zisanu zitha.

Tsiku lina kutangoda anatsalira m'shedi akumaliza mpando wa kasitomala. Magetsi anali atazima, iye akugwira ntchito ndi nyali. Agalu a m'nyumba yoyandikana, amene ankauwa ngakhale njinga, anangoti zii.

Go! Go! Go!

Kugogodako kunali kumunsi kwa chitseko, pamene angafike mwana.

"Ndani?"

Panja panamveka ngati munthu akukoka thumba pa miyala. Kenaka kununkhira kwa vanishi, yemwe uja anapaka pa bokosi.

"Tsegulani, alamu."

Chitsa sanasunthe. Koma chitseko cha shedi chinalibe loko wa m'kati. Chinatseguka pang'onopang'ono.

Pakhomo panali munthu wovala suti yakuda. Mapewa anali aakulu, manja aatali okwekwa pansi. Koma miyendo inali yopindika, mawondo atafika pamimba, mapazi atayang'ana m'mbali. Mutu wake unkalekeza m'chiuno mwa Chitsa. Kuti amuone kumaso anachita kupendeketsa khosi.

"Ha! Mwakulatu, alamu."

Chitsa anabwerera m'mbuyo.

"Musachite mantha, sindikhalitsa. Ulendo umanditengera nthawi masiku ano. Ndimangobwera kudzakusiyirani zomwe sizinakwane m'bokosi muja. Masiku ena ndimakupezani mutagona."

Anatambasula dzanja n'kugwira bondo la Chitsa. Dzanjalo linali lozizira ngati chitsulo cha m'mawa. M'fupa munalira kuti tswa.

"Zinali zisanu zokha," anatero Chitsa. "Zikakwana zisanu mundisiye."

Mlongoti anaseka kuseka kwake kwakale kuja.

"Zisanu munadula ndi inu. Ine sindinayeze. Mwezi uliwonse umene ndigone chopinda, inu mulandira yanu. Ndikadzawongoka ine, mudzasiya inu."

Anatembenuka movutikira, n'kuyamba kudzikoka kulowera kumdima. Phokosolo linamveka nthawi yaitali.

Kutacha Chitsa anasankha matabwa abwino kuposa onse. Anakhoma bokosi lalitali, lokwanira, nawonjezeranso malo kumapazi. Koma manda safukulidwa ndi mlamu. Pankafunika chilolezo, ndipo m'bale wa malemu amene akanasaina anali mmodzi yekha: mkazi wake.

Anamupeza akusita zovala. Anagwada, mawondo akulira, n'kuulula zonse: tepi, pensulo, ndi mawu amene ananong'ona aja.

Mayiyo sanaleke kusita. Anapinda malaya, n'kutenga ena.

"Mayi, mwandimva?"

"Ndakumvani. Ndinamva kale."

"Kwa ndani?"

"Kodi mumayesa akabwera amayendera inu nokha? Ine ndine mlongo wawo. Amayamba agogoda pawindo langa."

Chitsa anagwira mwendo wa tebulo.

"Ndinalira sabata yathunthu inu mukunyadira kwa telala," anatero mayiyo. "Achimwene anali ndi pakamwa poipa, sindikana. Koma ndi amene anandilera amayi atamwalira. Inu munawathyola ngati nkhuni, n'kubwera kudzandipukuta misozi ndi manja omwewo."

"Ndalakwa. Bokosi lili m'shedimo, ndakhoma lina. Ingosainani tikawagoneke bwino."

"Ndinawafunsa zimenezo."

"Ndiye akuti bwanji?"

Mayiyo anaimika simbi, n'kumuyang'ana koyamba.

"Akuti azolowera. Akuti sakufulumira."

Papita zaka zitatu tsopano. Chitsa saonekanso mumsewu masana. Mipando amaperekera pawindo, ndipo makasitomala amati dzanja limene limatulukapo silitha msanga. Amene amalawirira kuntchito amati mbandakucha amaona mutu wa imvi pamwamba pa mpanda, ukuyang'ana njira ya kumanda. Ena amati ndi chotupa chimene madokotala anachiphonya. Wometa tsitsi amati ndi mankhwala otalikitsa amene anapitirira muyezo. Mayi wa makala ndiye dzuwa likalowa salola kudutsa kuseri kwa shediyo.

Telala ndiye amadziwa zambiri, poti ndi amene amalumikiza nsalu kumiyendo ya mathalauza. Akuti tsiku lina anamva Chitsa akuchonderera kuchipinda kuti amulole atalikitse bedi, chifukwa usiku wonse amagona mawondo ali pachifuwa.

Ndipo akuti mkazi wake anayankha mofatsa, ngati munthu wouza mwana nthawi yogona:

"Bedi ndi lomwelo, bambo. Pindani miyendo."