Lumo Lometera Maliro

Mtembo wa Mackson Nampinga anaupeza Lachiwiri, nthawi ili 5:40 m'mawa, m'ngalande kuseri kwa msika wa Lirangwe. Khosi linali lochekedwa kamodzi kokha. Wapolisi wofufuza milandu, Justus Kapyepye, anafika kuchokera ku Chileka 7 koloko itangodutsa. Pa zaka makumi awiri za ntchitoyi anali ataona zambiri.

Chida chinali pomwepo m'matope: lumo lopinda lachikale, chigwiriro chake cha nyanga, chitsulo chodyedwa ndi dzimbiri kupatula kuthwa kwake.

Anthu a pamsika anali atagamula kale mlandu, paja iwo umboni amaufuna pambuyo. Ndani winanso ku Lirangwe ankameta ndi lumo lotere kupatula a Bwanali, nkhalamba yometa anthu pansi pa mtengo wa mango? Komanso Loweruka Mackson ataledzera anawaswera galasi, aliyense akuona. Ena anali atanyamula kale petulo m'kachigubu. Justus anawakankhira a Bwanali m'galimoto, kuwamanga kuti awapulumutse. Mtima wake sunakhale pansi. Akapanda kupeza wolakwa weniweni, mkuluyo akafera kundende. Akammasula chimasulire, anthu amuotcha.

Lachitatu 10:15 m'mawa, achipatala atatengapo magazi, Justus anaika lumolo patebulo m'chipinda chofunsira mafunso. Zidindo za zala panalibe, matope anafufuta zonse.

"Lumo ili ndi lanu, bambo?"

A Bwanali analitembenuza mwamantha. Kenaka mantha anawathawa, m'malo mwake munalowa mkwiyo wa mmisiri.

"Bwana, ndimangeni ngati mukufuna, koma musandinyoze. Ine ndinganole lumo pamwala wa zikwanje? Taonani mmene lakandikira! Langa ndimanolera pa lamba wachikopa basi."

"Nanga ndi la ndani?"

"Linena lokha. Ndipatseni parafini, phulusa losefa ndi kansanza."

Kupatsa woganiziridwa mlandu chida chophera munthu si nzeru yomwe amaphunzitsa kusukulu ya apolisi. Justus anaimika wapolisi pakhomo, n'kubweretsa zinthuzo. Kwa mphindi makumi anayi nkhalambayo inanyika, inakwecha, inapukuta. Dzimbiri litayoyoka, patsinde pa chitsulo panatuluka zilembo za Chipwitikizi.

"Ili linabwera ndi makolo a winawake kuchokera ku Mozambiki," anatero a Bwanali. Anatsuka chigwiriro, kenaka manja awo anaima. "Ayi, ili si lometera ndevu."

"Ndi la chiyani?"

"Mabanja ena ku Chigaru amasunga lumo lometera maliro. Masiku ano aliyense amagula lezala lake poopa matenda, koma wamasiye amayamba kumetedwa ndi lumo la makolo. Mwambo ukatha, mwinimbumba amagoba kamzere kamodzi apa. Werengani."

Timizere khumi ndi titatu tinali takuda ndi ukalamba. Kachikhumi ndi chinayi kanali koyera mbee.

Justus anaimba foni ziwiri zokha. Mkazi wa Mackson, Duwa, anamwalira ku Chigaru masabata atatu apitawo, akuti ndi malungo. Mwinimbumba anali mlongo wake wa Duwa, Luke.

Nthawi ili 3:30 masana, Justus anampeza Luke akutonola chimanga pakhonde, bambo wowonda wa zaka ngati makumi anayi, tsitsi lake likungoyamba kumera.

"A Luke, ndabwera kudzaona lumo la banja lanu."

"Linasowa, bwana."

"Liti?"

Luke anatenga chimanga china n'kupitiriza kutonola. Justus anamasula mpango n'kuika lumolo pamphasa. Linali kunyezimira.

"Amene walitsuka chonchi ndi a Bwanali," anatero Justus. "Agona m'chitokosi. Ndikabwerera ndekha, mawa apita kukhoti pa mlandu wakupha."

Luke analiyang'anitsitsa.

"Chibadwire sindinalionepo loyera chonchi," anatero motsitsa mawu. "Ndinamumeta ndine mlamu wangayo, bwana, tsiku la kumeta maliro a Duwa. Tsitsi likugwa, kuseri kwa khutu mpaka m'khosi ndinaona zipsera za zikhadabo, zinayi, zisanapole bwino. Ndinafunsa azimayi amene anasambitsa thupi. Analira, akuti pakhosi pa mlongo wanga panali zala za munthu. Anakhala chete poopa kusokoneza maliro."

"Bwanji simunabwere kupolisi?"

"Ndi chiyani, bwana? Thupi lili m'manda, aliyense akuti malungo. Ine ndine ndinamulandira munthu uja pamudzi pano, ndine ndinampatsa malo omangapo nyumba. Duwa anandidandaulira kawiri kuti akumenyedwa, ine n'kumuuza kuti apirire, banja ndi choncho." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Lachiwiri m'mbandakucha ndinamutsatira akupita kumsika. Ndinamufunsa pangalande paja. Anaseka, akuti ndikafukule ndione. Lumo ndinalitaya pomwepo. Silikanabwereranso m'nyumba ya amayi."

Justus anamva chisoni, ndipo chisonicho chinamukwiyitsa, chifukwa sichikanasintha kalikonse. Anatulutsa unyolo. Luke anaimirira, anasasa mankhusu pa thalauza, n'kutambasula manja yekha.

"Za Mackson sindikupepesa, mulembe choncho. Koma dzulo ndinamva kuti agwira a Bwanali, ine ndinakhala pano n'kumatonola chimanga. Chimenecho ndiye chikundidya. Tiyeni msanga, bwana, mkulu uja asagonemonso."