Ndowa ya Mayi Inapita ku Mtiya

Anakumana pa depoti ya Zomba. Malita anali atasenza zigubu zakale za mafuta ophikira, ndipo chimodzi chinagwera pamapazi pa Tobias, mnyamata wogulitsa masitiroberi a kuphiri.

"Zigubu zonsezi, achemwali, mukukaphwetsa Likangala?" anafunsa Tobias akuseka.

"Ndikukadzalamo ndiwo. Pomwe ndikuchita lendi ku Chikanda n'simenti yokhayokha."

Mawa lake Tobias anatulukira ndi mbande za masitiroberi ndi thumba la dothi lakuda. Anadulira limodzi zigubuzo, n'kuziboola pansi ndi msomali kuti madzi azituluka. Pakamwa pa mnyamatayu, abale, panali pothira shuga.

"Duwa langa, zikangobereka izi, amalume anga akupita kwanu."

Zigubu zitatha, mbande zinatsala. Tobias analoza ndowa yachitsulo yomangidwa waya pachogwirira. Inali ya malemu mayi ake a Malita, chinthu chokha chimene anamusiyira.

"Ndikaiboola sindidzatungiranso, aTobias."

"Boola, wapamtima. Kwathu udzatungira yatsopano."

Malita anaboola.

Pakutha pa miyezi khonde linabiriwira. Repu anatambalala, masitiroberi a m'ndowa anafiira psuu. Tsiku lina Tobias anabwera ndi galimoto ya mnzake.

"Ndikawaonetse amayi ku Mtiya, aone manja a mpongozi wawo."

Anapakira zigubu zonse zobereka, ndi ndowa yomwe. Ndani akanakana mawu otere?

Kuyambira pamenepo anasowa. Pafoni pankangobwera uthenga umodzimodzi: "Amayi sakupeza bwino, duwa langa. Pirira."

Malita anamva chisoni. Anathyola repu wotsala, n'kupita kukazonda odwala. Ku Mtiya anafunsira mpaka anthu anamulozera nyumba. Pakhonde panali zigubu zake, ndipo mayi woyembekezera ankazithirira.

"Odi. Ndimafuna amayi awo a aTobias."

"Apongozi anga? Anatisiya kalekale. Ine ndine Yvonne, akazi awo."

Malita anayang'anitsitsa zigubu zake zija.

"Mwazikonda?" anafunsa Yvonne, akumwetulira mosadziwa kanthu. "Amuna anga anadzala okha kuphiri, akuti ndizidya zipatso mwana adzabadwe wamphamvu. Koma chindowa chadzimbirichi, ndikangothyola ndichitaya."

Madzi ankadontha pansi pa ndowayo, m'mabowo amene Malita anaboola ndi manja ake. Akanati chiyani kwa munthu wapakati?

"Nanga mwadzera chiyani, achemwali?"

"Ndadzazonda odwala," anatero Malita, n'kuika repu uja m'manja mwa Yvonne. "Ndaona kuti ndasochera."

Anayenda wapansi mpaka ku Chikanda, akulira osasamala za anthu. Pakhonde pake, pomwe pankakhala ndowa, panatsala mkombero wa dzimbiri pasimenti. Anakhala pansi pomwepo, foni n'kulira.

"Duwa langa, amayi ayamba kupeza bwino. Akuti masitiroberi ako ndi okoma, udzale ena."